Ndinagula Nati Yanga Yomwe ku Ndirande

Ndinagula nati yanga yomwe. Ndinalipira, ndinathokoza, ndipo amene anandigulitsayo ndinamugwira chanza ndi manja awiri ngati wandivuula mumtsinje wa Mudi. Ine, munthu amene ndinawerengapo buku lonse la mbiri ya njanji za ku India popanda wondikakamiza, ndinatuluka mumsika wa Ndirande ndikumwetulira, m'thumba muli katundu yemweyo amene ndinalowa naye.

Nati imene ndikunenayi ndi kachitsulo kobooka pakati, kosaposa nsonga ya chala, kamene kamamanga paipi ya mabuleki pamalo pake. Paipiyo ndi yowonda ngati udzu wofolerera nyumba, ndipo imatenga mafuta kupita nawo kutayala. Nati ikapanda kugwira, mafuta amadontha, ndipo ukaponda mabuleki phazi limangolowa mpaka pansi ngati waponda papaya lakupsa.

Sukulu ndinalekeza fomu thu. Zaka zanga zonse za ntchito ndinathera kudula mapepala pakampani ina yosindikiza mabuku, ndipo mapepala olakwika amene ankatayidwa ndiwo anali yunivesite yanga. N'chifukwa chake nkhani zambiri ndimazidziwa pakati pokha. Nditapuma ntchito ndinagula pikiapu yakale kwa mkulu wa mpingo wina wa ku Zingwangwa, amene anaika dzanja pamtima n'kunena kuti galimotoyo ili monga inatsikira m'sitima kuchokera ku Japan. Ndinagulanso buku lofotokoza kakonzedwe kake kwa anthu ogulitsa mabuku akale pakhonde ku Limbe. Kuyambira pamenepo ndinkadzitenga ngati makaniko amene sanapezebe mpata woda m'manja.

Timakhala ku Chilomoni kumtunda, kumene msewu umatopa n'kusanduka ngalande. A takisi akafika pakamlatho ka kumunsi amazima injini n'kukufunira zabwino zonse. Amene amakwera kwathu ndi a kabaza a njinga zamoto okha, ndi pikiapu yanga. Pansi penipeni pa malo amene ndimaimika galimoto pali khitchini ya aneba, bambo wina wa ku Nsanje amene ankagwira ntchito ya ukalipentala. Tsiku limene ndinabwera ndi pikiapu, anthu ena anabwera kudzaisisita. Anebawo anabwera ndi mwala waukulu ngati dzungu, anauika kuseli kwa tayala, n'kubwerera kwawo. Mwalawo unakhala pamenepo ngati wolembedwa ntchito.

Chaka chimene ndikunenachi, mwana wathu wamkazi anabwera kudzadikirira kwa amayi ake. Inali mimba yoyamba, mwamuna wake ali ku Joni, ndipo anamwino anali atamuuza kuti matenda akangoyamba asazengereze, athamangire kuchipatala chachikulu. Sabata yomweyo ndi imene mabuleki anasankha kufewa. Ndinaona dontho la mafuta pansi, chakumbuyo kumanzere, ndipo ndinayamba kufotokozera mayi a kunyumba mmene mafuta amakankhira chitsulo, nzeru imene anaitulukira Mfalansa wina kalekale.

"Abambo," anatero akupeta mpunga, osandiyang'ana n'komwe, "tsiku la mwanayu likafika sindidzafuna mbiri ya mabuleki. Ndidzafuna mabuleki. Kapena mukufuna akatsike phirili panjinga yamoto?"

Ndinalowa pansi pa galimoto. Paipi ya kumanzere inkachokera pakamphanda ka mkuwa, kokhala ndi mabowo atatu, kamene kanamangidwa pa difu, chitsulo chachikulu chija cholumikiza matayala akumbuyo. Pamenepo ndi pamene pankadontha. Nati inali yopendekeka, mazinga ake ophwanyika, ndipo inakana sipanala mpaka ndinaimenya ndi tchizulo. Ndinadula paipi yadzimbiriyo, nati ndinaiponya m'thumba la jekete, n'kukopera m'buku muyezo wake wa mamilimita.

Ku Ndirande kuli lamulo limene silinalembedwe m'buku lililonse: chitsulo sichigulidwa ndi dzina, chimagulidwa ndi sampulo. Ukhoza kutchula nambala yake, chaka chimene chinapangidwa, ngakhale mudzi wa amene anachisula, adzakumvetsera mwaulemu mpaka umalize, kenako adzatambasula dzanja. Ine ndinamaliza ulaliki wanga wa mamilimita pamaso pa bambo wina wovala ovololo yoyera modabwitsa. Kuyera kwa ovololoyo kukanandichenjeza.

"Madala, zonsezo n'zabwino. Sampulo ilipo?"

Ndinamupatsa.

"Iyi? Zilipo zambirimbiri kuseliku. Khalani pabenchipa, musapse ndi dzuwa."

Anazimiririka pakati pa milu ya masipuling'i. Atabwera anali ndi kanthu kokulunga m'nyuzipepala, konyezimira ngati ndolo ya mkwatibwi, kakununkha petulo.

"Orijino iyi, madala. Yomaliza. Mwabwera ndi mwayi."

"Nanga sampulo yanga ija?"

"Yakutha ija? Yatsala kwa mwini shopu. Mukufuna mukaiike m'fulemu?"

Tinaseka tonse. Iye anali ndi chifukwa.

Pali chinthu china chimene muyenera kudziwa. Nati imavekedwa pa paipi poyamba, kenako mlomo wa paipi umatambasulidwa kuti natiyo iupanikize. Ikavekedwa sivuka, pokhapokha utadula mlomowo. Kachipangizo kotambasulira ndinalibe. Anali nako makaniko wina amene amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi siteji ya maminibasi kwathu. Ndinamupatsa paipi yatsopano ndi nati yonyezimira ija, anatambasula mlomo, ndipo ndinakwera phiri ngati wobwera ndi chikho.

Ndili chagada pansi pa galimoto, kuwala kwa dzuwa kunagwa pa natiyo, ndipo ndinaona chipsera. Chinali pambali, chopendekera kumanja, ndendende pamene tchizulo yanga inaterereka. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Munthu sungaiwale siginecha yako. Bambo wa ovololo uja anangozungulira kuseli kwa shedi, n'kuisambitsa nati yanga ndi petulo ndi bulashi ya waya, n'kudikira pang'ono kuti ndione ngati wavutikira.

Ndikanatha kukhala chete. Koma ndinatukwana, ndipo mwana wanga, amene anakhala pakhonde miyendo ili m'beseni la madzi, anafunsa kuti, "Adadi, mwadzipweteka?" Ndinamufotokozera. Anaseka mpaka amayi ake anatuluka kudzamuletsa kuti angayambitse matenda. Atamva chifukwa chake, nawonso anakhala pansi. Kumunsi, kuseli kwa mpanda wa khitchini ya aneba, ndinamva kutsokomola kwa munthu amene akulimbana ndi chinthu china osati chifuwa.

Ndinabwerera ku Ndirande. Bambo wa ovololo palibe amene ankamudziwa; ankaoneka kuti sanabadwe n'komwe. Ulendo uno sampulo, ili papaipi pomwepo, sindinaitaye m'manja. Ndinapeza shopu ya zitsulo zatsopano, tinayerekeza nati yawo ndi yanga pakauntala, zinafanana ngati mapasa, ndipo muyezo unagwirizana ndi wa m'buku. Buku linavomera, sampulo inavomera. Makaniko wa pansi pa mango anadula mlomo wakale, anaveka nati yatsopano, n'kutambasula wina. Paipi inafupika pang'ono.

Nati inalowa m'kamphanda, inazungulira pang'ono, n'kuima nji. Ndinaitulutsa, ndinapukuta, ndinapemphera, ndinayesanso. Nji. Ndinaganiza kuti mwina ndi nati yopangidwa mwachinyengo, ndinakagula ina kushopu ina ku Limbe. Tinadulanso paipi. Nji. Tsopano paipi inali itafupika moti makaniko anaiyeza ndi maso n'kunena kuti, "Bigi, kwatsala kudula kamodzi. Kukapitirira apo mudzasuntha tayala kuti liyandikire."

Pansi pa mango paja sipasowa aphungu. Madalaivala a maminibasi odikira nthawi yawo anandizungulira ngati ndabwera ndi maliro.

"Ikulowa pang'ono? Ndiye kuti ndi yake. Lumikizani paipi kusipanala, mukoke ndi mphamvu. Chitsulo chimamva chikaona kuti simukuseka."

"Ayi, kulungani selotepi ya mapaipi a madzi."

"Mukuvutikiranji, madala? Ipheni paipiyo. Kuipinda, kuimenya ndi hamala, basi. Matayala atatu akugwira, lachinayi likupuma. Ine ndayenda choncho kuyambira dzinja, ndafa?"

Anatambasula manja kuti tonse tione kuti sanafe. Wina anawonjeza kuti mafuta a mabuleki ndi chinyengo cha azungu, madzi a sopo wa ufa amagwira chimodzimodzi, komanso galimoto imanunkhira.

Ndisaname, ndinakwera phiri nditatsimikiza zokoka ndi mphamvu. Ndinalowa pansi, ndinaveka sipanala, ndinalumikiza chitsulo chachitali. Kuchokera pamene ndinagona ndinkaona mapazi okha a anthu a pabwalo. Ndinaona mapazi otupa a mwana wanga akuyenda pang'onopang'ono, kupita kumpanda, kubwerera, kupitanso, monga anamuuzira anamwino. Mapazi omwewo ndinkawagulira nsapato za sukulu. Ndinaganiza za mtsetse wa pamwamba pa kamlatho, pamene msewu umakhota mwadzidzidzi ndipo kutsogolo kwake kuli phompho lodzaza zinyalala. Buku langa linali ndi chiganizo chimodzi chimene ndinachidula mzere kunsi: nati yoyenera imalowa ndi zala mpaka kumapeto, sipanala imangotsiriza. Ndinavula sipanala.

Madzulo amenewo ndinayala zonse patebulo, nati zitatu ndi buku, n'kuyamba kudandaula kuti dziko lapita, ngakhale zitsulo zasiya kunena zoona.

"Yakale ija inali bwanji pamene munkaichotsa?" anafunsa mayi a kunyumba.

"Yopendekeka. Mazinga ophwanyika."

"Ndiye kuti inkathina."

"Tinganene choncho, ngakhale kuti mwaukatswiri..."

"Abambo, mwana nsapato ikamamuthina, inu n'kutenga nsapato yomweyo kupita nayo kukaunjika kuti akupatseni yofanana nayo, mubwera ndi chiyani?"

Ndinatsegula buku, n'kulitsekanso.

"Ine ndinkatenga phazi," anatero, n'kuchotsa nati zanga patebulo kuti aikepo mbale.

M'mawa mwake ndinamasula kamphanda konse pa difu. Ndinapita ku Ndirande nditanyamula bowo. Ndipo poti munthu wolumidwa ndi njoka amaopa ndi chingwe chomwe, ine chingwecho ndinachigwiritsa ntchito: ndinamanga kamphandako ndi chingwe cha nsapato, mbali inayo n'kumanga palamba wa buluku langa.

"Madala, tione sampulo," anatero wogulitsa wina.

"Onani."

"Masulani, ndikafunse kuseliku."

"Tipitira limodzi."

Choncho ndinayenda mumsika wonse ndikukokedwa m'chiuno ngati mbuzi yopita kuchinkhoswe. Amayi ogulitsa chinangwa chokazinga anasiya kutembenuza. Wina anakuwa kuti, "Mwagula zingati mdalayo?" Wondikokayo, ataona kuti pa ine sipatuluka phindu lachangu, anandisiya kumapeto kwenikweni kwa msika, pashedi ya bambo wina wokalamba amene anakhala pampando wa basi pakati pa mafupa a magalimoto amene anafa ine ndili mnyamata.

Anatembenuza kamphandako m'manja, ine nditaima pafupi kwambiri kuposa mmene amuna awiri osadziwana amayenera kuimira.

"Galimoto yanu mwati ndi ya kuti?"

"Ya ku Japan."

"Kutsogolo mwina. Aka n'ka magalimoto aja a ku Mangalande ankayenda m'minda ya tiyi ku Thyolo. Wina anakuikirani difu ya galimoto ina."

Pamenepo mutu wanga unayaka ngati getsi. Ndinali nditawerengapo zimenezi! A ku Japan amayeza ndi mamilimita, a ku Mangalande akale ankayeza ndi mainchesi, ndipo pali nati ziwiri zimene zimafanana m'maso koma mazinga ake amasiyana ndi tsitsi limodzi. Mkulu wa mpingo uja, kapena makaniko wake, anakakamiza nati ya mamilimita m'bowo la mainchesi. Buku langa silinaname, linkanena za galimoto mmene inabadwira, osadziwa kuti inakwatiwanso. Sampulo nayo inali mlendo pamalopo. Masiku onsewo ndinkayendayenda mu Blantyre kufunafuna mapasa a wakuba.

Zonsezi ndinamufotokozera wokalambayo, kuyambira ku mafumu a ku Mangalande amene ankayeza nsalu ndi mkono wawo. Anandimvetsera mmene amamvetsera anthu a ku Ndirande. Kenako anakoka chitini cha penti, anakhuthula nati zadzimbiri pathumba la feteleza, n'kunena kuti, "Sankhani nokha, aphunzitsi. Ine maso anatha."

Ndinakhala pansi pafumbi, kamphanda kali pachingwe, n'kumayesa imodziimodzi. Zina zinkakana pakhomo pomwe. Zina zinkalowa mosavuta koma zikugwedera ngati dzino la mwana, ndipo zimenezo ndi zoopsa kwambiri chifukwa zimavomera chilichonse. Dzuwa litafika pamutu ndinatola ina yakuda, yonyansa, yoti ukaiona panjira sungawerame. Inalowa ndi zala, mofewa, mosagwedera, mpaka kumapeto. Ndinaitulutsa, ndinaibwezeranso, kungofuna kumva kukomako kachiwiri. Sindinalole kuti aitsuke.

Makaniko wa pansi pa mango anadula komaliza. Paipi inafika, koma mwa mwayi wa nkhuku. Ikanafupika ndi chikhadabo chimodzi bwenzi tikunena zina.

Kunatsala kuchotsa mpweya m'mapaipi, ntchito imene imafuna anthu awiri: wina kupopa ndi phazi, wina pansi kumasula ndi kumanga. Ndinaitana aneba. Munthu amene sanayendetsepo galimoto chibadwire anapita kaye kukavala jekete, anakhala pampando wa dalaivala, n'kugwira chiwongolero ndi manja awiri, maso kutsogolo.

"Popani, aneba!"

"Ndikupopa."

"Gwirani pomwepo!"

"Ndagwira. Koma chikuthawa."

"Chizithawa, ndamasula ndine. Popaninso!"

"Achimwene, mukutsimikiza kuti m'bukumo mulibe tsamba limene linathothoka?"

Tinali pa tayala lomaliza pamene ndinaona mapazi a mayi a kunyumba ataima pafupi ndi mutu wanga. Anali atavala nsapato zotulukira.

"Abambo, mwatsala pati?"

Sanakweze mawu, koma ndinadziwa kuti matenda a mwana wathu ayamba. Zaka zonse zimene takhala limodzi, mawu amenewo ndinawamvapo pamene iwo eni ankadwala matenda omwewa. Sipanala inandipulumuka, ndinaitola, inapulumukanso.

"Popani, aneba! Gwirani!"

"Chalimba!" anakuwa anebawo. "Chalimba ngati chitsa!"

Nthawi yoyeserera panalibe. Mwana wanga anakwera kutsogolo, atagwira mkono wa amayi ake, milomo ataluma. Beseni, zitenje ndi fulasiki zinaponyedwa kumbuyo. Ndinaliza injini ndi manja amafuta, n'kuponda mabuleki. Aneba anagubuduza mwala uja kuchotsa kutayala, koma sanausiye. Anaunyamula, anakwera nawo kumbuyo, n'kuukhazika pamiyendo ngati mwana wa ubatizo. Pagalasi ndinkaona nkhope yawo. Cholinga chawo chinali chakuti zikavuta adumphe n'kukauponya kutsogolo kwa tayala, pa msinkhu wawo umenewo.

Tinadutsa pamwamba pa khitchini yawo tikukwawa. Kenako msewu unagwa, galimoto inayamba kulemera kutsogolo, ndipo kona ya pamwamba pa kamlatho inabwera ikukula. Mapemphero onse amene ndimawadziwa anathawa, m'mutu munangotsala kanati kakuda kaja. Ndinaponda.

Galimoto inaima ngati yagunda khoma. Kumbuyo ndinamva beseni likuuluka ndi mawu a Chisena amene sindikhulupirira kuti amaphunzitsidwa kutchalitchi.

"Abambo!" anakuwa mayi a kunyumba. "Mukufuna abadwire padashibodi?"

Chikwatirane sanandikalipirepo mokoma choncho. Mwana wanga, pakati pa ululu, anatulutsa kakuseka kamodzi kakafupi. Tinatsika phiri lonse mwaulemu, ndikuponda pamene pakufunika ndi pamene sipakufunika pomwe.

Mwana wanga anachira dzuwa lisanalowe. Mwana wamkazi, wamawu ngati agogo ake aakazi. Ine ndi aneba tinadikira panja pa geti, pamthunzi wa pikiapu, mwala uli kuseli kwa tayala ngakhale kuti pamalopo panali posalala ngati tebulo. Mayi a kunyumba anatuluka kudzatiuza, n'kunena kuti tibwerere, tidzawatenge akawatulutsa, ndiponso kuti ndisambe ndisanayandikire mwana wa munthu.

Patapita masiku ndinakumana ndi mkulu wa mpingo uja pamaliro ena. Nditamufunsa za difu, anayang'ana kumwamba kwa kanthawi, n'kunena kuti, "Aa, ijayi? Ija inali mphatso. Sindinakulipiritseni."

Koma mawu amene ndimawakumbukira kwambiri ndi a madzulo a tsiku lobadwa mdzukulu. Titafika kunyumba ndinaimika galimoto pamalo pake, ndinakoka hendibuleki, ndipo ndinayamba kuwafotokozera aneba za mainchesi ndi mamilimita, poti panjira sanandipatse mpata. Anatsitsa mwala wawo, anauika pamalo pake, anaugunda ndi chidendene kuti ukhazikike, n'kupukuta manja pajekete.

"Takhuta, achimwene, mwagwira ntchito," anatero, kuthokoza m'Chisena chakwawo. "Koma tsiku lokatenga khandalo, inu mukatsale m'galimoto, akalowe amayi okha. Inu anamwino akangomusambitsa n'kumukulunga bwino ngati nati ija, mudzafunsa mtengo."